Kwa Eni Kudyetsa Nthanga

Pakati pa miyambi yonena za ulendo pali umodzi umene akuluakulu ankakonda kuuza mnyamata amene wamanga kale katundu wake: "Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna." Tanthauzo lake ndi lakuti munthu akachoka pakhomo pa amake sasankha chakudya. Amalandira chimene eni mudzi amuikira, ngakhale mtima wake uli pa china. Ambiri amaumva mwambiwu ngati dandaulo la munthu wosowa, koma makolo ankaupereka ngati malango. Iwo ankadziwa kuti m'mbale imene mlendo wapatsidwa muli ulemu wa mwini nyumba, muli thukuta la amene adalima, ndiponso muli funso losatchulidwa lakuti, "Kodi iwe ndi ife tingakhalire limodzi?" Wokankha mbaleyo wayankha kale funsolo, angakhale sadatsegule pakamwa.

Kale mwambiwu unkayesedwa pa maulendo a ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, kumene ndiwo zinkasintha koma ufa wa chimanga unkapezeka ndithu. Masiku ano ntchito imatuma anthu kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kumene mthiko sadziwika n'komwe. Nkhani ya mlangizi wina wa zaulimi wa m'boma la Dedza, amene adatumidwa ku Japan, ikuonetsa kuti mwambi wakalewu sudathe mphamvu.

Chimene chidamutengera kumeneko chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1979 bwanamkubwa wa chigawo cha Oita, pa chilumba cha Kyushu, a Morihiko Hiramatsu, adayambitsa ndondomeko yakuti dera lililonse lisankhe chinthu chimodzi chimene lingachilime kapena kuchikonza mwaluso kuposa ena, lichiwongolere mpaka chitchuke pamsika. Madera ena adasankha bowa wotchedwa shiitake, ena zipatso za kabosu zofanana ndi mandimu, ena nsomba. Dziko la Malawi lidatengera ndondomekoyi m'chaka cha 2003, ndipo idadziwika ndi dzina lakuti OVOP. Pambuyo pake ogwira ntchito ena a boma ankatumizidwa ku Japan kukaona ndi maso momwe alimi a kumeneko amachitira. Mlangizi uja adali mmodzi mwa iwo. Adali bambo wa zaka zopitirira 50, mkulu wa mpingo, munthu amene moyo wake wonse sadagonepo tsiku lathunthu osadya nsima.

Usiku womaliza mkazi wake adamuikira kathumba ka ufa woyera pansi pa zovala. "Bambo," adatero mayiyo, "akuti kumeneko nsomba amadya zaziwisi. Zikakukanikani musakadzizunze, mukapemphe poto." Bamboyo adaseka, koma ufawo sadauchotse.

Chakudya choyamba chimene chidamuyesa chidali cha m'mawa. Iye ankayembekeza tiyi ndi buledi, kapena phala. M'malo mwake adamuikira thileyi yokhala ndi timbale tisanu: ka mpunga, ka msuzi wa bulawuni, ka nsomba yootcha, ka masamba oviika mumchere, ndi kena kokhala ndi soya wa fungo lamphamvu, amene ukamutola amatuluka timaulusi tonanda ngati ukonde wa kangaude. Ameneyu ndi natto, soya wophika amene amamusiya kuti asase mothandizidwa ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso, timene kale ankatipeza pokulunga soyayo m'mapesi a mpunga. Mlangiziyo adayang'ana anzake a m'mayiko ena, naona kuti ambiri akankhira kambaleko kumbali.

Womasulira wawo adali mayi wachitsikana wa ku Japan komweko amene adaphunzitsapo masamu pa sukulu ina ya sekondale ku Malawi, pakuti achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera kuno kuyambira m'chaka cha 1971. Ankayankhula Chichewa chomveka ndithu. Ataona kuti mlendo wazengereza, adamunong'oneza kuti, "Bambo, kodi therere mumadya?" Iye adati amadya. "Ndiye ichi musachiope. Kunanda kwake n'komweko. Takasani kwambiri, thirani pampunga." Adachita monga adauzidwa. Fungo lidamuvuta, koma kukoma kwake sikudali koipa monga maso adamuuzira. Tsiku limenelo adaphunzira kuti Ajapani nawonso amakonda zakudya zoterera, ndipo therere lobala amalidya ndithu.

M'masiku otsatira adayamba kuona dongosolo la chakudyacho. Mpunga ndiwo mwini mbale, monga nsima. Mawu akuti gohan amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chonse, monga mmene Mchewa amanenera kuti sadadye ngati sadakhudze nsima, angakhale wakhuta mbatata. Zonse zoperekeza mpunga amazitcha okazu, ndiye kuti ndiwo. Mwambo wawo umati pakhale msuzi umodzi ndi ndiwo zitatu. Mpunga wawo ndi waufupi, womatana, wopanda mchere kapena mafuta, wosiyana kwambiri ndi Kilombero wa ku Karonga amene amanunkhira ndi kuyoyoka. Kumatanako ndiko kumachititsa kuti utoleke ndi timitengo tiwiri todyera, totchedwa hashi. Msuzi uja ndi wa miso, phala lolimba la soya wosasitsidwa ndi mchere kwa miyezi yambiri. Madzi ake amawiritsamo ndere za m'nyanja ya mchere zotchedwa kombu pamodzi ndi nsomba youma yopalidwa. M'chaka cha 1908 katswiri wa sayansi wa ku Tokyo, a Kikunae Ikeda, adapeza kuti kukoma kwa kombu kumachokera ku chinthu chotchedwa glutamate, ndipo kukoma kumeneko adakupatsa dzina lakuti umami. Mayi aliyense amene amathira matemba ouma m'ndiwo zamasamba amakudziwa kukoma kumeneku, kungoti sadakupatse dzina.

Chiyeso chenicheni chidadza pamene alendowo adagawidwa kuti akagone masiku anayi m'nyumba za alimi. Mlangizi uja adapita kwa banja lina la okalamba a kumapiri, olima shiitake. Chigawo cha Oita ndicho chimatsogola m'dziko lonselo pa bowa woumika ameneyu. Amadula zipika za mtengo wotchedwa kunugi, amaboola timabowo, amakhomeramo mbewu ya bowa, n'kuziimika pamthunzi wa nkhalango, ndipo amadikira pafupifupi zaka ziwiri asanakolole. Luso limeneli ndilo adadzera, ndipo mphunzitsi wake adali mwini nyumbayo. Zonse zimene akadapita nazo kwa alimi a ku Dedza zidali m'mutu mwa nkhalamba imeneyi, ndipo nkhalamba siiululira nzeru zake munthu amene wainyoza pakhomo.

Pakhomo adavula nsapato. Adakhala pansi pa mkeka wokhuthala wotchedwa tatami, pafupi ndi tebulo lalifupi. Chidamudabwitsa n'chakuti mwini nyumba, mwamuna wa imvi, adagwada pomulonjera, pamene kwawo kugwada kumayembekezeka kwa amayi ndi ana. M'malo mwa beseni la madzi osamba m'manja adalandira kansalu konyowa kofunda. Asanadye onse adagundanitsa zikhatho nanena kuti itadakimasu, mawu amene womasulira adati amatanthauza kulandira modzichepetsa, kuthokoza wophika, wolima, ngakhalenso nsomba ndi mbewu zimene zataya moyo. Mlangiziyo adapempha kuti apemphere kaye monga mwa chizolowezi chake, ndipo onse adaweramitsa mitu mpaka adamaliza.

Womasulira adali atamuchenjeza kale za zinthu ziwiri. Timitengo todyera sitizikidwa choimirira mumpunga, chifukwa umo ndi mmene amaikira mpunga wopereka kwa akufa. Ndiponso munthu salandira chakudya kuchokera pa timitengo ta mnzake kupita pa take, chifukwa umo ndi mmene abale amapatsirana mafupa a womwalira akatha kuotcha mtembo. Malamulo awiriwa adawasunga bwino lomwe, pakuti munthu wa ku Dedza amadziwa kuti za maliro sizisakanizidwa ndi za pamphasa yodyera.

Mwini nyumba adatulutsa botolo la shochu, mowa wotcheza wa barele umene chigawocho chimanyadira nawo. Apa mlangiziyo adalandira kapu ndi manja awiri, naiyika pansi mwaulemu, nafotokoza kuti iye ndi mkulu wa mpingo ndipo adalonjeza kusamwa. Nkhalambayo idagwedeza mutu, niuza mkazi wake kuti abweretse tiyi wobiriwira, ndipo onse adakweza makapu pamodzi. Panalibe wokhumudwa. Chokanidwa ndi chifukwa chomveka sichipweteka mtima.

Kenaka idabwera mbale ija imene mkazi wake adaiopa. Zidali tizidutswa ta nsomba ya m'nyanja ya mchere, todulidwa mopyapyala, toyalidwa mokongola ngati maluwa. Iyi ndi sashimi. Pambali pake padali msuzi wakuda wa soya ndi kaphala kobiriwira ka muzu wa wasabi, kamene kuwawa kwake kumathamangira m'mphuno, kosiyana ndi tsabola wa kambuzi amene amaotcha lilime. Mlangiziyo adafunsa mafunso atatu: nsombayo idagwidwa liti, idachokera kuti, ndipo amadya bwanji. Adamuyankha kuti idagwidwa m'mawa womwewo, idasungidwa pa ayezi kuchokera m'bwato, ndipo idadulidwa ndi mpeni wosagwira ntchito ina. Adamuuzanso kuti nsomba za m'mitsinje ndi m'madamu kawirikawiri sazidya zaziwisi chifukwa zimakhala ndi nyongolotsi zovulaza anthu, ndiponso kuti nsomba ya fugu, imene chiwindi chake chili ndi poizoni wakupha, imakonzedwa ndi ophika okhawo amene ali ndi chilolezo. Atamva izi adatola kachidutswa kamodzi, nakaviika, nakadya. Kadali kozizira, kofewa, kopanda fungo limene iye ankaliopa. Adadya tizidutswa titatu. Sadanene kuti yaposa chambo chootcha, pakuti likadakhala bodza, koma adayamikira kuti nsomba yotero sadailawepo, ndipo eni nyumba adasangalala.

Pofika apa adaona ngati wawoloka mtsinje wonse. Koma chimene chidamukola sichidali natto kapena nsomba yaiwisi. Udali mpunga wamba.

Mlendo woleredwa bwino kumudzi kwawo samaliza nsima yonse. Amasiyako mtanda kapena theka lake, ndi kanyama pang'ono, podziwa kuti kuseri kwa nyumba kuli ana amene akudikira mbale za alendo. Wopukuta mbale mpaka kuyera amatchedwa wadyera, ndipo amachititsa manyazi eni nyumba ngati kuti sadamukhutitse. Choncho usiku woyamba mlangiziyo adasiya mpunga pang'ono m'kambale kake. M'mawa adachitanso chimodzimodzi, madzulo chimodzimodzi. Mumtima mwake ankati akuonetsa kuti kwawo kuli mwambo.

Tsiku lachitatu m'mawa adapeza kuti pamalo pake paikidwa buledi wa m'sitolo, majarini ndi foloko. Ena onse adali ndi mpunga ndi msuzi. Gogo wamkazi, amene masiku awiri oyamba ankakhala moyang'anana naye n'kumamuwonjezera ndiwo, adakhala kukhitchini osatuluka. Kumunda nako nkhalamba ija idachepetsa mawu, inkangoloza ndi chala. Mlangiziyo adavutika mumtima. Adaganiza kuti mwina amuona ngati wosayenera chakudya cha banja, ndipo mtima wina unkamuuza kuti angokhala chete, apirire tsiku limodzi lotsalalo, azipita. Koma adakumbukira kuti safunsa adadya phula. Madzulo womasulira atabwera, adamutengera pambali.

"Chemwali, ndithandizeni. Kodi ndawalakwira chiyani agogowa?"

Mayiyo adalowa kukhitchini, nakhalako kanthawi, nabwerako akumwetulira mwachisoni. "Bambo, agogo akuti mpunga wawo simukuukonda. Akuti katatu konse mwausiya. Mpungawo ndi wa m'munda mwawo, adabzala okha. Dzulo adayenda ulendo wa basi kukakugulirani buledi kuti musagone ndi njala."

Pamenepo womasulirayo adamufotokozera kuti ku Japan mwana amaphunzitsidwa kusasiya ngakhale njere imodzi ya mpunga. Chilembo chimene amalembera mawu akuti mpunga chimatha kugawidwa n'kuwerengeka ngati 88, ndipo akuluakulu awo amati mlimi amagwira ntchito 88 kuti njereyo ifike m'mbale. Ali ndi mawu akuti mottainai, onena chisoni chimene munthu amamva poona chinthu chabwino chikutayika, mawu amene mayi Wangari Maathai a ku Kenya adawakonda atafika ku Japan m'chaka cha 2005, nayamba kuwafalitsa m'mayiko ena. Mbale yoyera ndiyo zikomo wa mlendo.

Mlangiziyo adapempha kuti agogowo aitanidwe. Atabwera, iye adagwada monga mwini nyumba adachitira tsiku loyamba, nati, "Agogo, mpunga wanu ndi wokoma, ndipo tsiku lililonse ndinkaufuna wonse. Koma kwathu mlendo amasiyira ana. Amayi anga adandiphunzitsa kuti ukadya kwa eni uzikumbukira kuti pali kamwana kamene kakuyang'ana pakhomo. Ndinkasiyira mdzukulu wanu."

Mawuwa atamasuliridwa, gogoyo adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adayamba kusimba. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945 iye adali kamtsikana ka zaka pafupifupi khumi. Mpunga udasowa m'dziko lonse, anthu a m'mizinda ankabwera kumidzi kudzasinthanitsa zovala zawo ndi chakudya, ndipo banja lawo lidapulumukira mbatata ndi masamba ake. Amayi ake ankatola njere za mpunga zogwa pansi imodziimodzi. Kuyambira pamenepo, akaona mpunga wotsala m'mbale amaona nkhope ya amake. Mlangiziyo nayenso adasimba za njala ya 2002, imene adaiona ndi maso ake m'midzi imene ankayendera, pamene anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndiponso za njala ya 1949 imene makolo ankaisimba. Usiku umenewo zidaoneka poyera kuti miyambo iwiri yooneka ngati yotsutsana idabadwa kwa mayi mmodzi, ndiye njala. Anthu ena idawaphunzitsa kuti usataye njere, ena idawaphunzitsa kuti usaiwale mwana.

M'mawa mwake buledi adachoka, mpunga udabwerera. Nkhalamba ija idamutengera kunkhalango, nimuonetsa zonse: msinkhu wa mtengo woyenera kudula, nyengo yodulira masamba akayamba kufiira, kutalikirana kwa timabowo, ndi kaumitsidwe ka bowa kuti asachite nkhungu. Masana adatulutsa mtondo ndi munsi wooneka ngati nyundo yaikulu, nasinja mpunga wophika mpaka udasanduka chinthu chonanda chotchedwa mochi, chimene amadya makamaka pa chaka chatsopano. Adamuchenjeza kuti adule tizidutswa ting'onoting'ono ndi kutafuna bwino, pakuti mochi amatsamwitsa okalamba. Mlangiziyo adaseka poona mtondo kutali chotero ndi kwawo, ndipo adadabwitsa eni nyumba powauza kuti ku Dedza mwamuna wogwira munsi angasekedwe ndi mudzi wonse.

Madzulo omaliza adatulutsa kathumba ka ufa kaja, napempha poto ndi chipande cha thabwa chimene amapakulira mpunga. Adaphika nsima. Ndiwo zidapezeka mosavuta, pakuti m'khitchinimo mudali tinsomba touma totchedwa iriko, tofanana kwambiri ndi usipa, ndipo adatikazinga ndi tomato ndi anyezi. Adabweretsa beseni la madzi, nayamba kusambitsa m'manja mwini nyumba, kenaka gogo, kenaka ana. Adawaonetsa kutema mbamu ndi kuiumba m'chikhatho. Okalambawo adapsa zala, adaseka, koma adadya. Pomaliza gogo uja adasiya kanthongo kamodzi pambali pa mbale yake, nakakankhira kwa mdzukulu wake, nayang'ana mlendoyo. Mlendoyo adali atapukuta mbale yake mpaka kuyera.

Zaka zidapita. M'chaka cha 2013 bungwe la UNESCO lidalemba kaphikidwe ka makolo ka Ajapani, kotchedwa washoku, m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi. M'chaka cha 2017 lidalembamonso nsima ya ku Malawi. Chimene chidalemekezedwa m'zonse ziwiri ndi mwambo wozungulira chakudyacho: kulima, kukonza, kugawana, ndi kuphunzitsa ana khalidwe pa nthawi ya kudya. Mbale ziwiri zimene zidakumana m'nyumba ija ya kumapiri zili tsopano m'buku limodzi.

Achinyamata amene akukwera ndege masiku ano angatolepo zinthu zingapo pa nkhaniyi. Choyamba, chakudya chachilendo chimayamba kuweruzidwa ndi maso ndi mphuno, ndipo ziwalo ziwirizi zimafulumira kunama. Munthu amene amadya ngumbi, mbewa ndi therere alibe chifukwa chonyozera natto wa mnzake. Chachiwiri, chimene chikumbumtima kapena thanzi likukaniza chikanidwe poyera, ndi chifukwa chake, ndi manja awiri. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, ulemu uli ndi chiyankhulo chake m'dziko lililonse. Munthu angathe kukhala ndi mtima woyera n'kunyoza eni nyumba osadziwa, chifukwa chakuti akuwalemekeza m'chiyankhulo chimene iwo sakumva. Mankhwala ake ndi kufunsa, ndipo kufunsa msanga, buledi asanafike patebulo.

Akuluakulu adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku ake pakhomo la eni ndi owerengeka, koma khalidwe lake pa mphasa yodyera limatsala, ndipo wobwera pambuyo pake kuchokera kudziko lomwelo amalandiridwa molingana ndi zimene woyambayo adasiya. Nthanga zimene wapatsidwa kwa eni uzitafune bwino, ufunse amene adazikazinga mmene amazidyera, pakuti dzungu limene ukulifunalo lidamera kuchokera m'nthanga zomwezo.